Njinga Zitatu pa Chiguduli

Apongozi anga aamuna anali ndi njinga yomwe sinkapita kuchigayo. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ndikawauza anthu a masiku ano amaseka, amati ndikuwonjezera. Sinkapita kuchigayo, sinkapita kumsika, sinanyamulepo nkhuni kapena thumba la nandolo. Kaliyala, chitsulo chakumbuyo chokhalapo munthu kapena katundu, anachita kuichotsa ndi manja awo n'kukaipachika kudenga la khola la mbuzi. Ankati njinga si bulu.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka naintini, ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa miyezi isanu ndi inayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade faifi. Kwathu kuno kwa Kadewere mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, koma ine zinanditembenukira. Amuna anga anapeza ntchito ku Limbe, n'kunena kuti ndikakhale kaye kwa makolo awo, ndiziwathandiza kumunda mpaka iwo atapeza nyumba. Ndiye ndinali mtengwa pakhomo pa eni. Amayi anga anali kutali, kutsidya la mitsinje iwiri. Amuna anga ankabwera pakutha pa mwezi basi.

Njingayo apongozi anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni, ine ndisanabadwe. Yakuda, yayitali, yonyezimira ngati yagulidwa dzulo. Inali ndi mabelu awiri, galasi loonera kumbuyo, nyale yoyaka ndi tayala, pampu yake pa felemu, ndi kachikwama kachikopa kuseri kwa chishalo mokhala masipanala. Chishalocho anachiveka kansalu ka mphonje zofiira. Inkagona m'nyumba, pamphasa yakeyake, atayifunditsa bulangete. Bulangete ndithu, pomwe ine ndi mwana tinkafunda zitenje ziwiri.

Anali ndi anzawo awiri a matenda omwewo. Wina anali mphunzitsi wopuma ntchito, tinkangoti aphunzitsi. Wina anali mkulu wa Chiyao wa kasitolo ka panjira, wovala mzuli woyera, aliyense ankawatchula amjomba. Lachisanu amjomba amakhala ali kumzikiti, Lamulungu enawo kutchalitchi, ndiye tsiku lawo linali Loweruka. Ankapana miyendo ya mabuluku ndi tizitsulo topinda, kuvala majekete, kuimba mabelu, ulendo. Kupita kuti? Kulibe. Kukafika ku Boma, kumwa tiyi, kubwerera. Pobwera, mkangano wake unali woti ndani anatsika pachitunda n'kukankha. Madala a imvi mbuu, azidzukulu ali tho.

Koma Loweruka loyamba la mwezi sankapita kulikonse. Limenelo linali la kusambitsa njinga. Ankayala ziguduli pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu, n'kumasula njinga zonse zitatu, chilichonse pachokha, mpaka timipira tachitsulo ta m'kati mwa mawilo. Kutsuka ndi palafini, kupukuta, kupaka gilisi, kubwezera. Ankachitira pamodzi chifukwa zida anagawana: masipanala anali a apongozi, chitini cha gilisi cha aphunzitsi, palafini wochokera kusitolo kwa amjomba. Ntchito yake inkatha dzuwa litapendeka.

Chinanso choti mudziwe n'chakuti ine ndi apongozi aamuna sitinkalankhulana. Osati chidani ayi, mwambo. Tikakumana panjira ndinkapatukira patchire, n'kugwada chowafulatira mpaka adutse. Nkhope yawo ndinkaidziwira chapambali, mozemba. Mawu anga onse ankadzera mwa apongozi aakazi, awonso ankabwerera momwemo. Chaka ndi miyezi ndili pakhomopo, ndinali ndisanawauzepo mawu ndi amodzi omwe.

Munali mu Juni. Chiperoni chinagwa masiku atatu osalekeza, phiri losaoneka, zovala zosauma, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Mwana anayamba ndi chimfine, kenako kutentha thupi. Lachisanu anasiya kuyamwa. Ndikamupatsa bere ankaligwira, kukoka kawiri, n'kulisiya kuti apume. Loweruka kutacha ndinamuvula kamalaya kuti ndimupukute, ndiye ndinaona. Akamakoka mpweya, khungu linkalowa pansi pa nthiti, dzenje ndithu loti n'kuikamo chala. Mphuno zikutukuka, zikuphwa, zikutukuka. Kupuma kwake ngati kagalu kothamangitsidwa. Sankalira. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chimenecho, sankalira.

Ndinathamangira kukhitchini kwa apongozi aakazi, ndinagwada pakhomo.

"Amayi, taonani mwanayu. Taonani nthitizi. Chiyambire dzulo sanayamwe. Muwauze abambo atithandize ndi njinga ku Namitambo. Lero Loweruka, adokotala amaweruka masana."

Maganizo anga anali oti apongozi aakazi abereke mwana akwere, ine ndizithamanga pambuyo. Ndinali nditamanga kale chitenje m'chiuno. Pa miyendo ulendo wa ku Namitambo unali wautali, wokwera ndi kutsika, sindikanafika dzuwa lisanafike pamutu. Pa njinga zinali zotheka.

Apongozi aakazi anamuyang'ana mwana, anamugwira pachipumi, kenako anasuzumira panja.

"Iii, apongozi. Abambo anutu atsegula kale njinga."

Ndinayang'ana nanenso. Dzuwa linali litatuluka koyamba pa masiku atatu, ndipo madala atatu aja anali pansi pa mango, malaya atapinda, akusangalala ngati ana pa chikondwerero. Mafelemu atatu atagadamitsidwa, mawilo atatsamira mtengo, matcheni ali m'mbale ya palafini.

"Muwauzebe, amayi. Chonde."

Anapita. Ine ndinawatsatira mpaka kuseri kwa nkhokwe, pomwe panali malire anga, ndinagwada pamenepo mwana ali pachifuwa. Ndinkamva zonse. Apongozi aakazi anakagwada chapatali, manja pamodzi, n'kudikira. Aphunzitsi anali pakati pa nkhani, ndipo mkazi sadula mawu a amuna. Nkhani yake inali ya tsiku lomwe amjomba anagwera m'ngalande chifukwa chocheukira amayi ogulitsa zitumbuwa.

"Bodza limenelo, aphunzitsi! Linali dzenje."

"Dzenje lovala duku, amjomba?"

Anaseka, anaseka, mpaka apongozi anakhosomola. Ine ndikuwerenga mpweya wa mwana ndi dzanja. Atatha kuseka m'pamene anacheukira akazi awo.

"Kwagwanji, amayi?"

"Ayi, n'kwabwino, abambo. Kungoti mdzukulu wanuyu thupi latenthako pang'ono, ndiye amake amati kaya mwina mukamaliza..."

Latenthako pang'ono! Kaya mwina mukamaliza! Mawu amene ndinawapatsa anali olemera ngati mwala, koma pamtunda waufupi uja, kuchoka kukhitchini kukafika pamango, anawapepula, anawasalaza, anawapaka mafuta kuti asakhumudwitse munthu pa tsiku lake. Sindinena kuti apongozi aakazi anali oipa. Zaka zonse za ukwati wawo ankalankhula choncho. Ngakhale nyumba ikanapsa akanati kukutenthako pang'ono.

"Tamva," anatero apongozi. "Chiperoni chimenechi. Amufunditse. Tikamaliza tiona."

Anabwera kudzandiuza, ngati sindinamve ndekha. "Akuti amaliza pompano."

Pamenepa mpomwe ndimadzikwiyira ndekha mpaka lero. Ndinadikira. Ndinali ndi miyendo, ndikanayamba ulendo. Koma mtengwa satuluka ndi mwana wa pakhomo osatsanzika, ndiponso mumtima ndinkati njinga ikangotha tikawapitirira oyenda pansi onse. Ndiye ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, maso pamango, maso pamwana, maso pamthunzi wa nkhokwe womwe unkafupika, kufupika, kubwerera kumiyendo yanga.

Ndinaona zonse. Ndinaona apongozi akupukuta masipoko imodziimodzi ndi kansanza, kuyambira pakati mpaka kunja. Ndinaona akuunika tcheni padzuwa, mfundo ndi mfundo. Ndinaona akupemerera galasi ndi mpweya wa m'kamwa n'kulipukuta ndi malaya. Munthu wodekha, wosamala, wachikondi. Manja amenewo anali asanamunyamulepo mdzukulu wawo, ankati makanda ndi a akazi.

Ndinatumanso kachiwiri. "Amayi, milomo yake yayamba kuda. Muwauze kuti milomo yada."

Anapita, anagwada, anadikira. "Amake mwana akuti kaya mwafika pati."

"Aa! Njinga simangidwa ngati mtolo wa udzu. Muwauze apongoziwo adekhe."

Kenako kunachitika china. Apongozi anatsanulira timipira ta wilo lakutsogolo pachikhatho, n'kuyamba kuwerenga. Anawerenga kawiri. Anasintha nkhope.

"Naini. Mbali iyi pamakhala teni."

"Werengani bwino, achimwene," anatero amjomba. "Maso anuwo munawasiya kumgodi."

"Naini, ndikunena."

"Tayesani m'Chinyanja," anatero aphunzitsi, "mwina tikwana."

"Musaseke. Timipira timeneti n'ta ku Joni, kuno simungatipeze. Palibe chomanga pano mpaka kapezeke."

Palibe chomanga. Ndinamva ndi makutu angawa. Madala atatu anagwada pansi, matako m'mwamba, akupapasa m'fumbi. Anakutumula ziguduli. Anasuzumira m'nsapato. Amjomba anavula mzuli n'kuyang'anamo, ena n'kumaseka. Kenako apongozi anakuwa:

"Amayi! Tabweretsani sefa ija ya ufa, tisefe dothili."

Apongozi aakazi anali atatenga ndowa, ndiye anangondikodola. "Apongozi, tatengani sefa m'khitchinimo mundipatsire."

Ndinadzuka. Ndinakalowa m'khitchini. Ndinaitenga sefayo pamsomali. Mpaka pamenepo ndinali mtengwa wabwino. Potuluka ndinamuyang'ana mwana, maso ake anali otsekula theka, choyera chokha chikuoneka, mutu ukugwedera ndi mpweya uliwonse. Apongozi aakazi anatambasula dzanja kuti alandire sefa, ine ndinawadutsa. Ndinadutsa nkhokwe. Ndinamva akunong'ona kumbuyo, "Apongozi! Apongozi, mukupita kuti?" Sindinacheuke. Ndinayenda mpaka pamango, ndipo sindinagwade.

Ndinaima. Pamaso pa apongozi anga aamuna, iwo ali chogwada m'fumbi, ine chilili pamwamba pawo.

Sefa ndinaiponya pansi. Chiguduli chawo chinali ndi tizitsulo atatiyala m'mizere, ine ndinatisesa ndi phazi, timipira tonse tija n'kumwazikira m'dothi. Pamalo pomwe ndinasesapo ndinamugoneka mwana, ndinamuvundukula.

"Abambo, mumadziwa kuwerenga. Werengani apa. Werengani nthiti izi!"

Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina. Apongozi anatembenuza nkhope kuyang'ana kumbali, monga mwa mwambo, ngati ndawavulira.

"Musayang'ane uko! Yang'anani mwana! Kuyambira m'mawa ndikutuma mawu, mawu anga akufera panjira. Mwanayu akufa, inu mukusefa dothi!"

Apongozi aakazi anali atagwira pakamwa, akungoti mayo, mayo, zoopsa. Aphunzitsi anaima ndi sipanala m'manja ngati chitsa. Woyamba kusuntha anali amjomba. Anakwawa ndi maondo mpaka pachiguduli, anapukuta manja pa buluku, anaika khutu pachifuwa cha mwana. Atadzutsa mutu nthabwala zonse zinali zitawathera.

"Achimwene, ichi n'chibayo. Ndinaikapo m'manda wanga wopuma chonchi. Mwanayu madzulo safika."

Pamenepo m'pamene apongozi anayang'ana. Anayang'ana kamodzi kokha.

Zimene zinatsatira ndi zomwe zimandipsetsa mtima koposa zonse. Madala aja anali ndi lamulo lawo lakuti chitsulo cha njinga ina sichilowa pa njinga ina, ngakhale natu. Lamulo lonselo linatha ngati malovu padzuwa. Felemu ya apongozi anaitembenuza. Wilo lakutsogolo anatenga la aphunzitsi, lomwe linali lisanatsegulidwe. Tcheni anavuula ya amjomba, ikudontha palafini. Wina akumanga, wina akupopa, palibe kulankhula, manja okhaokha. Aphunzitsi, aja odandaula bondo tsiku lililonse, anathamanga kukhola la mbuzi n'kubwera ndi kaliyala ili ndi ukonde wa akangaude. Mabawuti ake anali atasowa kalekale, ndiye anaimanga ndi malegeni, mphira zodula ku chubu chakutha. Ntchito yomwe inkawatengera tsiku lathunthu inatha madzi a tiyi asanawire.

Ndiye kuti zinali zotheka. Zinali zotheka kuyambira m'mawa.

"Amayi, berekani mwana mukwere," anatero apongozi kwa akazi awo.

"Ine? Iii, abambo, chikwatirane chathu munandikwezapo liti? Ndigwa naye ine."

"Akwere mwini wake," anatero amjomba. "Adokotala akafunsa, woyankha ndi mayi."

"Ndiye muwatenge ndinu, amjomba. Ine ndi apongozi anga sizingatheke."

"Ine pachitunda chija ndimatsika, mukudziwa. Aphunzitsi nawonso amatsika. Wosatsika ndinu, mumatiuza nokha Loweruka lililonse. Kwerani, achimwene, za mwambo mukakamba pobwera."

Ine sindinadikire kuti agwirizane. Mwana ndinamumanga kutsogolo, pachifuwa, kuti ndizimuona nkhope, ndinakhala pakaliyala chammbali. Ndiye apongozi anapisa m'thumba, anatulutsa tizitsulo tawo tija, anawerama, n'kuyamba kupana miyendo ya buluku. Mwendo uwu. Mwendo uwu. Ndinakuwa, sindikumbuka kuti ndinati chiyani. Pambuyo pake ndinadziwa kuti chotchinga tcheni sanabwezere, buluku likanakodwa tikanagwa tonse. Ndikudziwa. Koma mpaka lero ndikakumbukira msana wawo uja utawerama, ndimakukuta mano.

Tinanyamuka. Poyamba ndinagwira masipuling'i a pansi pa chishalo, kuti thupi langa lisakhudze lawo. Tinatsika kamtsetse ka kudambo, njinga ikuthamanga, buleki imodzi yokha yakumbuyo ikulira, chifukwa yakutsogolo sanalumikize. Kaliyala inkapendekera uku ndi uku pa malegeni aja. Ndiye ndinamva mawu, osacheuka:

"Gwiritsitsani, apongozi."

Mawu oyamba amene anandiuzapo chibwerere pakhomo pawo. Ndinawagwira m'chiuno. Dzanja limodzi mwana, dzanja lina chiuno cha apongozi anga aamuna, nthiti zawo ndikuzimva pansi pa malaya.

Ndinene zoona, ngakhale zimandiwawa kunena. Mdala uja ankaidziwa njinga, ndipo njira ankaidziwa ngati chikhatho chake. Dzenje lililonse ankalizemba lisanaoneke. Pamatope a chiperoni ankadziwa mbali youma. Pamlatho wa mitengo sanatsike, anangolunjika pamtengo wapakati, ine n'kutsinzina. Maulendo awo opanda pake aja, omwe ndinkawanyoza mumtima ndikamasenza mgaiwa pamutu kuchokera kuchigayo, ndiwo anali m'miyendo yawo tsiku limenelo. Tinadutsa amayi pachitsime, onse anasiya zidebe, wina anagwira pakamwa, wina anaitana mnzake kuti adzaone. Ndinawaona. Sindinasamale.

Pachitunda chachikulu anaimirira pa mapedulo. Chifuwa chawo cha kumgodi chinayamba kulira ngati mluzu. Kutsogolo kwanga mluzu, pachifuwa panga kupuma kwa kagalu kuja, ine pakati ndikumvetsera kuti kodi ayambe kusiya ndani. Ndinkamuitana mwana, ndinkamupemerera kumaso, ndinkati usagone, usagone mayi wanga, taona mbuzi izo, taona. Thukuta la apongozi linkandigwera padzanja. Sanatsike.

Tinafika ku Namitambo pakhonde la chipatala patatsala anthu awiri okha, adokotala akutseka mawindo. Ndinadumpha njinga isanaime. Sindinagwade, sindinapereke moni, ndinangomuvundukula mwana. Adokotalawo anali bambo wachinyamata. Anangoona nthiti zija n'kutsegulanso chitseko, kuitana anamwino. Jakisoni. Mwana sanalire ngakhale pobayidwa, anangotsegula kukamwa.

Akulemba pakhadi, anandifunsa mofatsa, "Mayi, mwanayu wayamba liti kupuma chonchi? Bwanji mwachedwa?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Mawu anachokera pakhomo, pomwe apongozi anaima atagwira chipewa, akupumirabe m'mwamba.

"Ana a masiku anowa, adokotala, sanena msanga. Mwayi wake ndinaona ndekha n'kuthamanga naye."

Sanena msanga. Ndinawayang'ana m'maso, kachiwiri pa tsiku limodzi. Iwo anayang'ana kumbali. Mwina ankakhulupirira zimene ankanenazo, poti kwa iwo kunafika mawu oti thupi latenthako pang'ono. Koma anali ndi maso kuyambira m'mawa, ndipo nkhokwe sinali kutali. Ndinafuna kukuwa kuti chipatala chonse chimve za sefa. Adokotala anapukusa mutu n'kupitiriza kulemba, ine n'kukhala mayi wochedwa ndi mwana.

Anatigoneka komweko kuti mwana azibayidwa m'mawa ndi madzulo. Apongozi anabwerera okha. Ndinawaona pawindo, asanakwere anazungulira njinga ija, anagwedeza kaliyala, anapukuta matope pa felemu ndi mpango wawo.

Amayi anga anamva, anafika tsiku lotsatira ndi kamtolo ka ufa ndi mbatata. Masiku awiri ndinakhala pamphasa, chala changa chili pansi pa nthiti za mwana, kuyeza dzenje lija. Lolemba linachepa. Lachiwiri m'mawa anatsegula maso, anandiyang'ana, anakwinya nkhope n'kulira. Kulira kwenikweni, kwaukali, kosokosa. Amayi anga anaombera m'manja. Ndinamupatsa bere, analigwira mwamphamvu, anakoka, anakoka, analisiya n'kuliranso. Munalibe kanthu. Mantha ndi kusadya zinali zitaumitsa mkaka. Anamwino anati ndizimuyamwitsabe, ndizidya, ndizimwa, ubwerera. Unkatuluka timadontho.

Tinatuluka patatha masiku asanu, wapansi, amayi anga akundiperekeza. Tisanafike n'komwe pakhomo nkhani inali itatitsogolera. Panjira amayi ena anatiimitsa. "Ndi mwana uja anapulumutsidwa ndi madala uyu? Koma abambo aja ndi amuna! Akuti njinga zitatu anazisandutsa imodzi, chitunda chonse osatsika!" Kusitolo kwa amjomba anthu ankachita kubwera kudzamva. Za sefa palibe ankazitchula.

Koma za ine zinatchulidwa. Madzulo omwewo apongozi aakazi anandiitanira kuseri kwa nyumba, amayi anga ali pomwepo.

"Apongozi, zimene zinachitika zija si zazing'ono. Munaima chilili pamaso pa abambo anu. Munawakalipira pali anzawo. Munaponda zitsulo zawo. Munawagwira m'chiuno, mudzi wonse unaona. Ankhoswe akhala pansi Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Pafunika nkhuku yopepesera, kuti pakhomo pano pakhalenso bwino."

"Anandiuza okha kuti ndigwiritsitse, amayi."

"Zimenezo n'zapanjira. Ife tikunena za pakhomo."

"Nanga za m'mawa wonse uja, akhala pansi liti?"

Amayi anga ananditsina pantchafu. Tili awiri anandiuza kuti, "Mwana wanga, ingopereka. Mwana wachira, ukufunanso chiyani? Ukwati ndi kupirira." Anabwerera kwathu, Loweruka anabweranso ndi nkhuku yathadzi yonenepa, yamawangamawanga, miyendo atamanga ndi luzi. Amuna anga nawonso anafika Loweruka lomwelo, atatumiziridwa uthenga. Anamunyamula mwana, anamupsompsona, kenako anandiuza motsitsa mawu kuti ndawachititsa manyazi.

Lamulungu m'mawa onse anapita kutchalitchi. Ine ndinatsala, ndinati mwana sanalimbe. Ndinakhala pakhonde kumuyamwitsa. Anakoka bere ili, analisiya, anakoka linali, analisiya, anayamba kulira akundimenya ndi timanja toonda. Miyendo yake inali itatsala ngati timitengo. Nkhuku ija inali pambali panga, itagona chammbali, ikundiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndinali ndisanaphepo nkhuku, kwathu imeneyo ndi ntchito ya amuna. Ndinamubereka mwana, ndinatenga mpeni, ndinaponda mapiko monga ndinkaonera. Sindinadule bwino, inandithira magazi mpaka pachitenje. Ndinaisosola, ndinaiphika ndi mchere ndi tomato. Ndinakhala pansi m'khitchini ndi mbatata zowiritsa, ndinadya. Ntchafu zonse ziwiri, chidale, chiwindi, ngakhale nthutumba yomwe amati ndi ya abambo a pakhomo. Msuzi ndinamwera m'kapu. Ndinadya mpaka thukuta. Mafupa ndinawasiya m'mbale, sindinabise.

Masana anthu anakhala pansi pa mango. Ankhoswe a kuchimuna, amalume anga ngati ankhoswe a kwathu, amuna anga, apongozi aakazi, amayi anga. Apongozi aamuna anakhala pampando chapatali, atatifulatira. Ine ndinagwada pamphasa, mwana pamiyendo. Ankhoswe a kuchimuna anafotokoza mlandu wonse mwadongosolo, kuima, kukalipa, kuponda, kugwira. Amalume anavomera kuti mwana wathu analakwa, ndi ubwana, taphunzira. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Tabweretsa nkhuku ija, mphwanga, tipepese kwa akuluakulu."

"Ndadya, amalume."

"Wati bwanji?"

"Ndadya. Mwana akufuna mkaka."

Amayi anga anaphimba nkhope ndi chitenje. Amuna anga anadzuka, anakhalanso pansi. Ankhoswe a kuchimuna anayang'ana amalume, amalume anayang'ana pansi.

"Ndiye tipepesa ndi chiyani?" anafunsa amalume.

"Kaya. Ine ndilibe china. Ndikupita kwathu, mwanayu akanenepe. Amene akundifuna akandipeza kumeneko, monga amachitira amuna ena onse kuno."

Katundu wanga anali wochepa, ndinali nditamanga kale. Palibe anandigwira. Amayi anga ananditsatira akundikalipira, njira yonse mpaka pamtsinje woyamba, kuti ndawavula, kuti adzayenda bwanji pamaso pa anthu. Ine ndikungoyenda. Titawoloka ndinamva mabere kulemera, kuyabwa, kenako kunyowa pabulauzi. Ndinakhala pamwala pomwepo, ndinamumasula mwana. Anagwira, anakoka, ndipo ndinamva akumeza. Gudyu. Gudyu. Amayi anga anasiya kulankhula, anatula mtolo, anakhala pambali panga kumvetsera.